Ndithandizeni mabuku oti ndiziwawerengera mayi anga

Membala wosatchula dzina:

Moni nonse a m'gulu muno. A admin, zikomo pondilola kubisa dzina.

Mayi anga maso anachita ng'ala, ndiye akukhala kwa ine m'tauni muno. Madzulo tikatha kudya ndimawawerengera buku la Chingerezi, n'kumamasulira m'Chichewa pompo, iwo ali pamkeka miyendo atatambasula, akusenda mtedza.

Mayiwa anatilera okha ana asanu. Bambo anamangidwa pa mlandu wakuba ine ndili sitandade 4, ndipo atatuluka sanapondenso pakhomo. Mayi anayamba kutcheza kachasu. Mpaka lero ndimauona m'maso mgolo wakuda uja kuseri kwa khitchini, paipi yodutsa m'madzi ozizira, iwo atakhala pambali usiku wonse kudikira madontho. Kutchalitchi anawaimitsa kudya mgonero. Anthu omwe ankawanena masana ndi omwewo ankatuma ana ndi botolo kukada. Pa njala ya 2002 madeya otchezera aja tinkadya ndife. Fizi yanga yonse inachokera mu mgolo umenewo, ya achimwene anga amene ali ku Johannesburg chimodzimodzi.

Mwezi wathawu tinayamba The Joys of Motherhood la Buchi Emecheta, la mu 1979. Titafika pamene mayi wa m'bukumo, Nnu Ego, akugulitsa ndudu ndi machesi ku Lagos kuti ana adye, mayi anasiya mtedza n'kunena kuti, "Ameneyo ndi mnzanga." Tsiku lililonse ankandikumbutsa okha za bukulo. Koma ine ndinasuzumira kumapeto, ndipo ndinapeza kuti mayiyu amafera yekha m'mbali mwa msewu, ana aamuna amene anawavutikira ali kunja, osalemba ndi kalata yomwe. Mtima unandiwawa. Ndinawanamiza mayi kuti mwini buku walitenga, pamene lili pansi pa matiresi.

Ndiye mafunso anga ndi awiri. Kodi alipo mabuku ena a mzimayi wogwira banja pa umphawi, ngakhale pochita zinthu zimene anthu amazinyoza, koma wolemba osamuweruza? Za mzimayi wongopirira ngati mngelo ayi, mayi anga sangazimvere. Likapezeka la Chichewa ndingayamike koposa. Chachiwiri, kodi ndiwauze mathero a Nnu Ego kapena ndingokhala chete?

Mphunzitsi wopuma, Zomba:

Mwanawe, wandiliza. Funafuna To My Children's Children la Sindiwe Magona wa ku South Africa, la mu 1990. Si nthano, ndi moyo wake weniweni. Mwamuna anamusiyira ana atatu ku Gugulethu, iye n'kumagwira ntchito m'nyumba za azungu nthawi ya tsankho. Bukuli lili ndi linzake, Forced to Grow, mmene akufotokoza za kuphunzira kwake ali ndi ana kale. Mayi ameneyu anadzafika pogwira ntchito ku United Nations ku New York. Amayi ako akondwa chifukwa wolembayo akulankhula ngati gogo wofotokozera zidzukulu.

Mnyamata wa ku Area 25:

Ngati mukufuna la milandu penipeni, Winter's Bone la Daniel Woodrell, 2006. Ree ndi mtsikana wa zaka 16 kumapiri a Ozark ku America, akulera alongo ake aang'ono awiri ndi mayi odwala maganizo. Bambo ake ophika mankhwala ozunguza bongo anaika nyumba ngati chikole cha belo n'kusowa. Akapanda kuwapeza, nyumba ipita. Achibale ake omwe ndi amene akumuopseza kuti asiye kufunsa. Koma ndikuchenjezeni aunt, muli kutukwana ndi kumenyana, muzidumpha mwina.

Mayi wa ku Leeds:

Achemwali, ine ndiyankha funso lachiwirilo. Auzeni. Munthu amene anachezera pa mgolo zaka zonsezo simungamubisire imfa ya m'buku, amadziwa zambiri kuposa inu ndi ine. Komanso mwina akudziwa kale kuti mwawanamiza. Likatha limenelo tengani Pachinko la Min Jin Lee. Sunja, mayi wa ku Korea, mwamuna wake atamangidwa ku Osaka anayamba kugulitsa kimchi pamsika, ndiwo zawo zija za kabichi wothira tsabola. Ndi lalitali, mutha nalo miyezi.

Wophunzira mbiri, Chancellor College:

Langali si la nthano, koma ndi la kwathu konkuno. Megan Vaughan analemba The Story of an African Famine mu 1987, za njala ya 1949 m'boma la Blantyre. Anamvetsera nyimbo zimene amayi ankaimba pamtondo, ndipo amayi ambiri ankaikumbukira njalayo ngati chaka chimene amuna anapita kukasaka chakudya osabwerako. Chingerezi chake ndi cha kusukulu, koma mukawafotokozera mayi, mwina nyimbo zina akuimbirani okha.

Membala wosatchula dzina:

Zikomo nonse, onsewa ndawalemba papepala, Loweruka ndikayamba kufunsa kwa ogulitsa mabuku akale ndi ku laibulale. La Chichewa ndikudikirabe, amene akulidziwa alembe pansipa chonde.

Amayi a ku Leeds, munalondola. Dzulo ndinatulutsa buku lija pansi pa matiresi ndikupepesa. Mayi anati analimva kalekale poyala pabedi. Ndinawerenga mpaka kumapeto, mawu akunjenjemera, mpaka pamene ana aja anabwera kudzachita maliro aakulu. Anakhala duu nthawi yaitali, mtedza uli m'manja. Kenako anati ndiwaimbire achimwene ku Johannesburg. Analankhula nawo mpaka mayunitsi anatha, ndinachita kuthamangira pa okala kukagula ena.