Amene munafikako ku Cedar Point, ndithandizeni nzeru

Abale anga okhala ku Ohio ndi madera oyandikira, mu July ndikufuna kupita ku Cedar Point, malo a zisangalalo a ku Sandusky m'mphepete mwa nyanja ya Erie. Ndidzatenga ana anga awiri ndi bambo anga amene abwera kudzationa kuchokera ku Nkhotakota.

Mwana wamkulu, wazaka 13, tulo sakuona chifukwa cha Millennium Force, imodzi mwa ma roller coaster (masitima osangalatsira othamanga pa njanji zokwera ndi kutsika) a kumeneko. Tsiku lililonse pa chakudya chamadzulo amatiuza kuti inatsegulidwa mu 2000, ndi yaitali mamita 94 kupita m'mwamba, ndipo liwiro lake limafika makilomita pafupifupi 150 pa ola. Ine mtima uli m'mwamba. Kodi munthu amene sanakwerepo roller coaster ayambire pati? Ndimaganiza za Blue Streak, yamatabwa ija ya 1964, yakale kuposa zonse zimene zikuyendabe kumeneko, koma ndikuopa kuti ingatigwedeze msana. Kapena Magnum XL-200 ya 1989 ndiye yabwinoko?

Wamng'onoyo ndamuyeza pakhoma la kukhitchini, sanafike mainchesi 48 amene amafunika pa Millennium Force. Iyeyu angakwere chiyani kuti asatsale akulira?

Bambo sangakwere chilichonse, mawondo amawavuta. Koma atamva kuti malowa anayamba mu 1870 ngati gombe losambirako anthu, ndiponso kuti Hotel Breakers ya 1905 ikadalipo, akuti akufuna akaone okha. Kodi alipo malo amthunzi oti akhale pansi akuyang'ana nyanja?

Nanga Fast Lane, tikiti yowonjezera yothandiza kuti usadikire kwambiri pamzere, kodi ndalama zake n'zoyenera ngati tipita mkati mwa sabata?