Kodi synthesizer imasiyana bwanji ndi kiyibodi ya kutchalitchi, nanga besi ya 808 ndi log drum zimapangidwa motani?

Kamnyamata_ka_Besi

Akuluakulu, ndithandizeni. Kiyibodi ya Yamaha PSR imene makwaya ambiri amaimbira ili ndi piyano, malipenga, ng'oma ndi zina zambiri. Ena akuti imeneyo si synthesizer, ena akuti ndi yomweyo. Zoona n'ziti? Chachiwiri, ndikufuna kupanga ndekha besi ya 808 ndi log drum ya amapiano (nyimbo zovina za ku South Africa) pa laputopu, osati kungotola zopangidwa kale. Koma besi yanga ikumveka bwino m'mahedifoni mokha, pa foni ikusowa, ndipo noti iliyonse ikuyamba ndi kaphokoso koti "tha". Cholakwika chili pati?

Wamawaya

Achimwene, ndiyankhe loyambalo. PSR imasunga mawu a zida zenizeni amene anajambulidwa kale kufakitale. Mukadina kiyi, imangowatulutsa mokwera kapena motsika malinga ndi noti. Synthesizer yeniyeni siyambira pa chojambulidwa. Imayambira pa funde la magetsi, inu n'kuliumba mpaka litalira mmene mukufunira. Kwinaku mukugula mandasi okazinga kale, kwinaku mukukanda fulawa nokha.

Zida zolira ndi magetsi zinayamba kale. Leon Theremin anapanga chake ku Russia cha mu 1920, chija amachiimba osachikhudza. RCA Mark II ya mu 1957 inkadzaza chipinda ku New York, ndipo nyimbo ankailowetsa poboola timabowo papepala lalitali. Zinthu zinatembenuka mu 1964 pamene Robert Moog anayamba kulamulira chigawo chilichonse ndi voltage, ndipo Don Buchla ku California ankachita zofanana nthawi yomweyo. Pa makina a Moog, kuwonjezera volt imodzi kumakweza noti ndi octave yathunthu, kutanthauza makiyi 12. Ndiye kuti pakati pa kiyi ndi inzake yoyandikana nayo pali gawo limodzi mwa magawo 12 a volt, pafupifupi 83 millivolts. Kuchepa kumeneku n'kumene kumachititsa kuti makina akale azitaya chuni: ma transistor akafunda pang'ono, noti imasuntha. Amafunika kuyatsidwa mphindi 15 kapena 20 musanayambe kuchuna.

Mapulogalamu ambiri a synthesizer amene mungatsegule lero ali ndi zigawo zitatu izi. Oscillator ndiye mmero wake. Funde la sine ndi losalala, lilibe mawu ena pamwamba. La sawtooth limabwera ndi ma harmonic onse, mawu apamwamba otsagana ndi noti: noti ya 110 Hz imatsagana ndi 220, 330, 440 mpaka kumwamba. La square limadumpha: 110, 330, 550, n'chifukwa chake limamveka ngati likuchokera m'chibowo. Filter ndi sefa. Ya Moog imadula 24 dB pa octave iliyonse pamwamba pa cutoff (malire amene sefa imayambira kudula), ndipo mukakweza kwambiri resonance (kulira kwa pamalirepo), besi imawonda. Envelope ndi imene imanena mmene liwu liyambire ndi mmene lizilalire. Apa ophunzira ambiri amapunthwa: attack, decay ndi release ndi nthawi, koma sustain ndi mulingo wa kukwera kwa liwu pamene chala chikadali pa kiyi. Sustain ikakhala pamwamba penipeni, decay ngakhale muipotoze bwanji simumva kusintha.

Makina oyambawo anali a m'situdiyo ndi m'mayunivesite, olumikiza ndi mawaya ngati chikwangwani cha matelefoni. Minimoog ya mu 1970 ndi imene inalowa m'galimoto n'kukwera pa siteji: makiyi 44, ma oscillator atatu, noti imodzi pa nthawi, mawaya onse olumikizidwa kale mkati. Kuimba makodi ndi kusunga mawu amene mwapanga kunadzakhazikika ndi Prophet-5 ya Dave Smith mu 1978, ya noti zisanu ndi malo 40 osungira. Isanabwere imeneyo, ukapanga liwu labwino unkalemba papepala pamene batani lililonse laloza.

Yesani besi iyi kuti makutu azolowere. Tengani ma sawtooth awiri, musiyanitse chuni chawo ndi ma cent 5 mpaka 8 (pakati pa kiyi ndi inzake pali ma cent 100), muwonjezere square octave imodzi pansi. Cutoff ikhale cha pa 250 Hz, envelope ya filter ikhale ndi attack 0, decay 200 ms, sustain pansi, ndipo izitsegula sefayo mpaka cha pa 1.5 kHz. Mukapitirira ma cent 15, mafunde awiriwo amayamba kufafanizana ndipo besi imamveka ngati ikupuma. Banja la mawu limeneli ndi limene Kraftwerk ankagwiritsa ntchito ku Düsseldorf, Giorgio Moroder ndi Donna Summer mu "I Feel Love" ya 1977, komanso William Onyeabor ku Enugu, Nigeria.

Chemwali_FM

A Wamawaya afotokoza njira yosefa. Koma zimene mukufuna inu achimwene sizichokera kumeneko kwenikweni.

808 si dzina la besi, ndi dzina la makina. Roland TR-808 inatuluka mu 1980, n'kusiya kupangidwa mu 1983 atapanga pafupifupi 12,000. Sinayende malonda chifukwa ng'oma zake sizinkamveka ngati zenizeni, pamene LM-1 ya Roger Linn inali ndi ng'oma zojambulidwa. Zakaunjika zake zinatchipa, anyamata a hip hop n'kuzitola. Kick yake, ng'oma yaikulu ya mawu apansi, ndi funde la sine lozilala pang'onopang'ono, ndipo anthu atatalikitsa kuzilalako n'kulichuna pa manoti, inasanduka besi.

Pangani chonchi. Oscillator imodzi ya sine, pa mono (noti imodzi pa nthawi), glide ya 60 mpaka 100 ms ngati mukufuna kuti manoti aziterereka. Ikani envelope ina pa pitch yoyambira ma octave awiri pamwamba n'kugwa m'kati mwa 30 mpaka 50 ms. Kugwako ndiye kugunda kumene khutu limamva ngati kick. Decay ya liwu lonse ikhale pakati pa 600 ms ndi sekondi imodzi ndi theka malinga ndi liwiro la nyimbo. Imbirani pakati pa E1 ndi A1, kumene ndi 41 Hz mpaka 55 Hz. Mukatsika kuposa apo, ngakhale masipika ambiri a kuukwati sakwanitsa.

Kaphokoso ka "tha" kamabwera chifukwa attack ili pa 0 pamene funde likuyambira pakati pa ulendo wake, ndiye sipika imalumpha mwadzidzidzi. Ikani attack pa 2 mpaka 5 ms, kapena yatsani retrigger kuti funde liziyambira pa ziro noti iliyonse. Release isatsike kuposa 20 ms, apo ayi kaphokoso komweko kadzamveka kumapeto.

Za pa foni: kasipika ka foni kamavutika ndi chilichonse cha pansi pa 200 Hz, ndipo sine ya 55 Hz ilibe kanthu kena pamwamba pake. Kukweza voliyumu sikuthandiza, kumangodya malo a zida zina. Mankhwala ake ndi saturation (kuliphwanya funde pang'ono), imene imabereka ma harmonic pa 110, 165, 220, 275 ndi kupitirira. Foni imatulutsa apamwambawo, ubongo wa womvera n'kudzazamo wokha noti yapansi imene kulibe. Njira yaukhondo ndi kupanga makope awiri: limodzi likhale sine yosakhudzidwa, linalo muliphwanye ndi distortion n'kulidula pansi pa 120 Hz. Yapansiyo ikhale mono, osati stereo, nthawi zonse. Chorus kapena reverb pa 50 Hz zimaoneka zokoma m'mahedifoni, koma mbali ziwirizo zikaphatikizidwa mu sipika imodzi zimadyana.

Log drum ndi nkhani ya FM (frequency modulation). John Chowning anatulukira njirayi ku Stanford mu 1967: funde lina limagwedeza chuni cha linzake mofulumira kwambiri, mpaka khutu silimvanso kugwedezako koma limamva liwu latsopano. Yamaha inagula chilolezo, ndipo mu 1983 inatulutsa DX7, ya ma operator 6 (timagawo totulutsa mafundewo), njira 32 zowalumikizira, ndi noti 16 nthawi imodzi. Kuipanga liwu latsopano kunali kowawa, kawindo kamodzi kakang'ono ndi mabatani ambirimbiri, motero oimba ochuluka ankangogwiritsa ntchito mawu 32 obwera nawo. N'chifukwa chake E. PIANO 1, limodzi mwa mawuwo, imamveka m'nyimbo zachikondi zosawerengeka za m'ma 1980. Log drum yotchukayi inachokera mu Fruity DX10, kapulogalamu ka FM ka mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta, ndipo opanga nyimbo a ku Gauteng, ku South Africa, ndi amene anaisandutsa besi.

Ma operator awiri akukwanirani. Carrier (funde lomvekalo) ikhale sine pa ratio 1, modulator (funde lologwedeza linzakelo) pa ratio 1 kapena 2. Chinsinsi chili pa envelope ya modulator: iyambe mwamphamvu n'kuzima m'kati mwa 80 mpaka 150 ms, pamene carrier ikupitirira mpaka 300 kapena 500 ms. Ndiye liwu limayamba lokhakhala ngati mwagunda mtengo wa mphako, n'kutsala sine yoyera. Lumikizani velocity (mphamvu imene mwadinira kiyi) ku mphamvu ya modulator, osati ku voliyumu yokha, kuti noti zodinidwa mwamphamvu zizilira mwaukali. Popanda zimenezi mipukutu ya log drum imamveka yakufa. Ratio ikachoka pa nambala yathunthu, monga 1.41 kapena 3.5, mupeza belu m'malo mwa ng'oma, ndipo noti yake siigwirizananso ndi makodi. Pulogalamu ya FM yotchedwa Dexed ndi yaulere ndipo imawerenga mafayilo a DX7 enieniwo. Vital ndi Surge XT nazonso n'zaulere.

Gogo_MIDI

Zonsezo n'zoona, koma PSR musaichepse a Wamawaya. Mkati mwake nayonso ili ndi filter ndi envelope, kungoti oscillator yake ndi liwu lojambulidwa. Imafanana ndi Korg M1 ya mu 1988, imene inaika mawu ojambulidwa, ng'oma, sequencer ndi ma effect m'bokosi limodzi. Kwa ine apa ndi pamene nyimbo zinasinthiratu kuposa pa Moog, chifukwa munthu mmodzi anayamba kugwira ntchito ya bandi yonse. Oimba anaona ngoziyi msanga: mu 1982 nthambi ina ya bungwe la oimba ku London inavota kuti ma synthesizer aletsedwe. Sizinatheke. Ku Johannesburg, bubblegum ya nthawi ya Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco Twala inaima pa makiyibodi ndi makina a ng'oma, kwaito n'kudzatsatira. Kwathu kuno n'chimodzimodzi: zimbale zambiri za nyimbo zauzimu malipenga ake, besi ndi ng'oma zonse zimachokera m'manja mwa woimba kiyibodi mmodzi.

Mdzukulu, PSR yomweyo ndi imene muziimbira log drum yanu. MIDI, njira imene zida zoimbira zimalankhulirana ndi zinzake kapena kompyuta, inakhazikitsidwa mu 1983 ndi Dave Smith pamodzi ndi Ikutaro Kakehashi wa Roland, ndipo poionetsa koyamba analumikiza Prophet-600 ndi Jupiter-6. Mu waya wa MIDI simudutsa mawu. Mumadutsa uthenga wokha: noti iti mwa 0 mpaka 127, mwaidina mwamphamvu bwanji, pa channel iti mwa 16. C wapakati ndi nambala 60. Ma PSR atsopano ali ndi khomo la USB TO HOST lofuna waya ngati wa pulinta. Akale ali ndi mabowo ozungulira a timano 5, ndipo OUT ya kiyibodi imapita ku IN ya chinacho, osati OUT ku OUT.

Mukamva piyano ndi besi zikulirira limodzi, kapena noti iliyonse ikulira kawiri, pitani pa Local Control muike Off. Mukadina kiyi n'kumva ng'oma, muli pa channel 10, imene General MIDI ya mu 1991 inaisungira ng'oma. Liwu likamachedwa, vuto ndi buffer, kuchuluka kwa ma sample amene kompyuta imasonkhanitsa isanatulutse liwu: pa 44.1 kHz, ma sample 1024 ndi 23 ms, 512 ndi pafupifupi 12 ms, 128 ndi 3 ms. Pojambula ikani 128 kapena 256 ndi driver ya ASIO, posakaniza mubwezere pamwamba kuti laputopu isamatsamwe. Kung'ung'uza kosalekeza kumene kumatha mukazula chaja ndi ground loop. Dutsitsani mawu mu DI box yokhala ndi ground lift. Musathyole dzino la earth pa pulagi, limenelo ndi loteteza moyo wanu.

Wina akakutsatsani DX7 kapena M1 yakaunjika, yang'anani kumbuyo musanailowetse pakhoma. Za ku Japan ndi za 100 V, za ku America 120 V, pamene kuno ndi 230 V. Popanda thiransifoma yotsitsa magetsi imapsa nthawi yomweyo. Mawu ake amasungidwa ndi kabatire ka CR2032, ndipo mu DX7 yoyamba kabatireko n'komatira ndi soda pabolodi. Kakatha, mawu onse amafufutika, ndiye tumizani kaye mawuwo pa kompyuta ngati fayilo ya SysEx musanasinthe. DX7 yoyambayo imatumizanso velocity yongofika cha pa 100, choncho mukamaimbira nayo pulogalamu ina, mawu sadzatseguka mokwanira pokhapokha mutakonza velocity curve.

Kamnyamata_ka_Besi

Zikomo kwambiri akuluakulu, "tha" uja watha ndipo pa foni ikumveka. Chatsala chimodzi: log drum ndi kick zikagwera pamodzi zikumveka phala. Ndichotse chiti?

Chemwali_FM

Musachotse chilichonse, zigawireni malo. Fupikitsani kick kuti ithe m'kati mwa 150 mpaka 200 ms. Kenako ikani sidechain pa log drum, izitsika 3 mpaka 4 dB kick ikagunda, release cha pa 80 ms. Zikapanda kuyera, tembenuzani polarity ya kick mumvetsere mbali imene pansi pakunenepa. Amapiano amayenda cha pa 112 BPM, kumene noti imodzi ya 1/16 ndi pafupifupi 134 ms, ndiye decay ya 500 ms pa mpukutu wofulumira ikuphimba noti zitatu zotsatira. Ikani log drum pa mono kuti noti yatsopano izidula yakale, ndipo pa mipukutu tsitsani decay ifike cha pa 200 ms.