Za chiliza cha Bambo

Achimwene aakulu (Chilobwe): Mwaswera bwanji nonse. Ogasiti akubwerayu tikwanitsa chaka Bambo atatisiya. Dzulo ndinali kwa osema miyala, akuti tikapereka theka chiliza atha kumaliza m'masabata atatu. Ndikuganiza Loweruka lomaliza la mweziwo, ana akadali pa holide. Abusa avomera kale.

Azakhali (Bangwe): Tsikulo lili bwino mwana wanga. Amayi a Mvano ndiwauza ine Lamulungu. Koma mawu olemba pamwalapo musathamangire, tiyambe tamvana.

Achemwali (Joni): Yanga nditumiza pa Mukuru mwezi ukatha. Tiphikira anthu angati?

Achimwene aakulu: Ndawerenga abale ndi a kutchalitchi, afika 80.

Bambo aang'ono (Ndirande): Nanga a kumsika? Pamaliro paja munaona nokha, atelala, owotcherera, amayi a tomato, onse anatseka mabenchi kubwera kudzaperekeza. Amenewa tikapanda kuwaitana ndiye kuti mwambowu si wa achimwene anga.

Mzime (Zingwangwa): Pepani ndilemba zambiri pang'ono. Loweruka ndimathandiza Mayi kukonza m'chipinda, ndiye m'tiranki muja tapezamo makope atatu a Bambo. Loyamba ndi la ngongole za pagolosale. Masamba a 2002, chaka cha njala ija, ndi odzaza maina: ufa, mchere, sopo, ufanso. Dzina lililonse analidula ndi bolopeni yofiira n'kulemba pambali kuti "zatha". Ndinafunsa Mayi ngati anthuwo anabweza. Akuti ndi ochepa okha, ndipo Bambo analetsa kuti wina asapite kukalonjerera pakhomo pa munthu. Ndinakhala pansi pomwepo, misozi osaigwira.

Mzime: Kope lachiwiri ndi la makina osokera. Mnyamata kapena mtsikana aliyense amene anamphunzitsa utelala, akamaliza ankamubwereka makina miyezi 6, ndi sizasi ndi tepi, kuti apezere mpamba wogulira ake. Tsiku lotenga ndi lobweza zonse zalembedwa. Makina awiri akadali m'sitolo, angochita dzimbiri. Pempho langa ndi ili: chakudya tichepetse, ndalama yotsalayo tikonzere makinawo, ndipo tsiku lomwelo tiwapereke kwa achinyamata awiri monga ankachitira eni ake.

Achemwali (Joni): Maganizowo ndi abwino mng'ono wanga, koma anthu sadzati ana ake aumira? Bambo anali munthu wodziwika.

Azakhali (Bangwe): Adzanena ndani? Nsima, nyemba, kabichi, mbuzi imodzi ndi thobwa, basi anthu akhuta. Mlongo wangayo mumamudziwa ali kale ndi golosale ndi chigayo, ine ndinamuona akuyamba. Makina oyamba anagula ndi ngongole ya ku SEDOM, bungwe lija linkabwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono, m'zaka za m'ma 80, n'kumasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ku Limbe. Ankanyamuka ku Chilobwe kusanache, chakudya chake chinangwa chophika atakulunga m'pepala. Ngongoleyo anaimaliza nthawi isanakwane, ndipo ankanena kuti iye anakwera chifukwa wina anamukhulupirira alibe kanthu. Makina obwereketsawo anachokera pamenepo.

Bambo aang'ono (Ndirande): Zoona achemwali. Ndipo mu 2006 mavenda atachotsedwa m'misewu, achimwene anasiya golosale m'manja mwa alamu pafupifupi sabata yonse, akuyenda ndi komiti ya msika kukaonana ndi akhonsolo kuti amayi a kwathu kuno apeze malo m'kati. Iwo malo anali nawo kale, palibe chimene ankapindula.

Alamu (Machinjiri): Ine ndinawadziwira kukomiti ya madzi ndisanakwatire m'banja muno. Mwezi ukatha ankawerenga okha mita ya pakiyosiki, n'kulemba ndi choko pabolodi ndalama zimene zalowa ndi zimene zapita kukalipira bilu ku Water Board, kuti wotunga aliyense aone. Makinawo ndisiyireni ine. Ndili ndi mnzanga ku Limbe amakonza a Singer, mawa ndidutsa kudzawaona.

Achemwali (Joni): Chabwino, ndagonja. Ndakumbuka za namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndinkaimbira Bambo foni usiku wonse osapezeka, ndikuona pa Facebook matope akutsika m'phiri la Soche. Nditawapeza anangoti "tili moyo, koma m'sitolo muno mwadzaza anthu, tumiza ya mabulangete." Miyendo inali itayamba kale kutupa nthawi imeneyo. Pa yanga ija ndiwonjezerapo ya ulusi ndi nsalu zoyambira, ana amenewo asalandire makina okhaokha.

Achimwene aakulu: Ndiye tamvana. Koma osankha achinyamatawo tisakhale ife, zingaoneke zokondera. Ndipempha komiti ya msika isankhe mmodzi, a kutchalitchi mmodzi. Banja lililonse K60,000, tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money yanga pasanafike pa 15 Julaye, ndiziika pano amene wapereka. Tenti ndi mipando ndifunsa kutchalitchi.

Bambo aang'ono (Ndirande): Mbuzi ndi yanga, musaiwerengere. Nkhuni nazonso.

Azakhali (Bangwe): Chimera ndiviika ine. Atsikana a m'banja muno mudzafike Lachisanu masana, thobwa siliphikidwa tsiku lomwelo.

Mdzukulu wamkulu (Poly): Makopewo ndingajambule masamba ena tiike pa pulogalamu? Maina a anthu angongole ndiwaphimba.

Mzime: La makina lokha. La ngongole lisatuluke m'nyumba, eni ake sankafuna wina achite manyazi.

Azakhali (Bangwe): Eya, pamenepo wanena bwino. Nanga mawu a pamwala, Mayi anu akuti chiyani?

Mzime: Ndili nawo pompano, ndawawerengera zonse. Akuti maudindo a m'makomiti musalembe, pamwala sangakwane. Pansi pa dzina ndi zaka mungolemba kuti "Telala wa ku Chilobwe", ndi vesi limene asankhe ndi abusa. Akutinso kope lachitatu lija ndi losalembamo, lidzapite limodzi ndi makinawo, maina a ana awiriwo adzakhale oyamba.

Achimwene aakulu: Ndamva Mayi. Mawa m'mawa ndikawauza osema. Alamu, kiyi wa sitolo mukampeza kwa Mzime.