Njinga yamoto ikupepeluka pamakona a msewu wa ku Nkhata Bay: kodi ndigule ma shock aatali?

Wamalonda wa ku Chiputula:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za njinga zamoto. Ndili ndi Bajaj Boxer ya 150 imene ndimayendera pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay pokagula nthochi ndi usipa zodzagulitsa ku msika wa Zigwagwa, ndipo Lamlungu ndimakwezapo mayi a kunyumba popita kutchalitchi. Miyezi yapitayi njingayi yasintha mayendedwe. Ndikamatsika mapiri aja ndili ndi katundu, kumbuyo kumapepeluka pakona paliponse, moti ndimachita kuilimbana nayo kuti isapite mbali ya magalimoto ochokera kutsogolo. Pamahampu a mtauni muno ndimamva chitsulo chikugunda chinzake, ndipo ndikagwira buleki yakutsogolo mutu wa njinga umamira kwambiri. Wogulitsa zipangizo wina wandilangiza kuti ndigule ma shock aatali, a masipuling'i okhuthala ndiponso kabotolo ka gasi pambali. Mtengo wake si wamasewera, n'chifukwa chake ndisanatulutse ndalama ndafuna ndimve kaye kwa inu ngati vuto langa lingathedi ndi zimenezi.

Makaniko wa ku Luwinga:

Bambo, musafulumire kugula, chifukwa zimene mwafotokozazi si vuto limodzi ayi. Mu shock muli zinthu ziwiri zogwira ntchito zosiyana. Sipuling'i ndiyo imanyamula kulemera, pamene oyilo amene ali m'kati mwa shock, podutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndiye amaletsa sipuling'iyo kudumphadumpha ikatha kupanikizika. Kugunda kwa pamahampu kumasonyeza kuti sipuling'i yalemedwa, koma kupepeluka kwa pakona kawirikawiri kumatanthauza kuti oyilo uja anatha mphamvu kapena anatayika. Kanikizani kumbuyo kwa njinga ndi mphamvu, kenako musiye. Ikakwera n'kukhazikika, zili bwino. Ikakwera n'kutsikanso kangapo, ma shock anafa. Onaninso ngati pa ndodo yake yonyezimira pali fumbi lonyowa ndi oyilo. Ma shock ambiri a njinga zing'onozing'onozi ndi omata, sakonzeka, ndipo amasinthidwa onse awiri pamodzi.

Koma musanawaimbe mlandu, imikani njinga pa sitandi yapakati ndipo mugwire gudumu lakumbuyo n'kuligwedezera uku ndi uku. Likamasewera, ndiye kuti mabushi a swing arm (chitsulo cholumikiza gudumu lakumbuyo ku felemu) anadyeka, kapena mabering'i a gudumu, mwinanso masipoko amasuka. Njinga ya mabushi odyeka imapepeluka pakona ngakhale mutaiveka ma shock odula chotani. Kutsogolo nako, gudumu lili m'mwamba, tembenuzani mahandulo pang'onopang'ono. Mukamva kuti akukakamira pakati, mabering'i a pakhosi apanga timaenje.

Mukatsimikiza zimenezi, yezani mmene njinga imatsikira mukakwera. Ili pa sitandi, gudumu lakumbuyo lisakukhudza pansi, yezani ndi tepi kuchokera pa akiselo kufika pa chizindikiro chimene mwalemba pa kaliyala, molunjika pamwamba pake. Kenako itsitseni, mukwere ndi katundu amene mumanyamula tsiku ndi tsiku, mapazi ali popondera, munthu wina akugwirireni njinga ndipo wina ayezenso pomwe paja. Kusiyana kwa miyezo iwiriyo kuyenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene gudumu limatha kukwera ndi kutsika. Pa njinga zamtunduwu mtundawo umakhala pafupi ndi mamilimita 100, choncho mukufunika mamilimita 30 kapena 35. Ikatsika mopitirira, zungulitsani kamphete kokhala ndi masitepe kamene kali kunsi kwa sipuling'i, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe yofanana. Anthu ambiri amayenda zaka ndi kampheteka kali pomwe anakapeza pogula njinga.

Za kumira kwa mutu, vuto limakhala oyilo wa m'mafoloko (miyendo iwiri yogwira gudumu lakutsogolo), amene eni njinga ambiri sanamusinthepo chigulireni, ndipo akamatuluka amakhala wotuwa ndi wonunkha. Thirani oyilo wa mafoloko weniweni wa 10W, kapena wokhuthalirapo wa 15W ngati mukufuna kuti kumirako kuchepe, ndipo muyezo ukhale wofanana m'miyendo yonse iwiri monga buku la njingayo likunenera. Musapitirire apo, chifukwa oyilo wokhuthala kwambiri amachititsa kuti foloko ikane kupindika pa dzenje, ndipo m'mawa wa June ndi July, mmene kumazizirira kuno ku Mzuzu, amakhuthala kuposa pamenepo.

Wakabaza wa ku Chibavi:

Zimene anena a makaniko ndi zoona, koma ife amene timanyamula matumba a chimanga a makilogalamu 50 awiri kapena atatu sitidalira kamphete kokha. Ine ndinawotcheretsa zogwirira zina n'kuikapo ma shock anayi, awiri mbali iliyonse, ndipo kugunda kunatheratu. Ndikakhala wopanda katundu njinga imauma ndithu, msana umamva, koma ntchito ikuyenda.

Mlangizi wa zaulimi, Ekwendeni:

Achimwene a ku Chibavi, ndikumvetsa chimene chinakuchititsani zimenezo, koma sindingawalangize bambowa kutsatira njira yanu, chifukwa msewu umene amayendawo ndi wa makona otsetsereka. Kuuma kumene mukunenako si nkhani ya msana wokha. Gudumu limagwira msewu pokhapokha likamatsatira mabampu ake, ndipo sipuling'i ikauma mopitirira, gudumu limadumpha pabampu n'kusiya msewu kwa kanthawi. Zimenezi zikachitika muli pakona, pa tala wonyowa ndi mvula yathu imene imagwa mpaka mu April ndi May, kumbuyo kumaterereka musanazindikire. Komanso ma shock anayi salimbitsa felemu, masipoko, matayala kapena mabuleki. Amangobisa kuti njinga yasenzetsedwa mopyola muyezo umene anaupangira.

Ine ntchito yanga ndi ya m'misewu yafumbi ya kumidzi, pa Yamaha AG 200, ndipo chimene chimasintha kwambiri mayendedwe a njinga ndi pamene katundu wakhala. Dengu la nthochi likamangidwa kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, kuseri kwa akiselo, limapepula gudumu lakutsogolo, ndipo mahandulo amayamba kunjenjemera. Lisendezeni pafupi ndi msana wanu, zolemera zikhale pansi, ndipo mumange ndi malamba osalola katundu kusuntha. Mpweya wa m'matayala muziyeza ndi geji asanatenthe, osati kungomenya ndi chala monga amachitira opopa ena. Buku la njinga limapereka miyezo iwiri, wa munthu mmodzi ndi wa njinga yolemedwa. Matope ofiira akauma pa ndodo za mafoloko amadya ma seal oletsa oyilo kutayika, choncho malabala ophimba ndodozo akang'ambika musachedwe kuwasintha.

Wamalonda wa ku Chiputula:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka bambo makaniko ndi mayi mlangizi. Tayeza monga munanenera, ndipo ndi madengu awiri njinga ikutsika mamilimita 60 ngakhale kamphete kali pa sitepe yomaliza. Shock yakumanzere ndi yonyowa, ndipo gudumu likusewera pang'ono. Kodi pamenepa ma shock aatali aja sangandithandize?

Makaniko wa ku Luwinga:

Ma shock atsopano mukufunikadi, bambo, koma osati aatali. Mukakweza kumbuyo, mafoloko amaimirira kwambiri, njinga imakhota msanga koma imataya bata ikathamanga, ndiponso tcheni imene inaoneka yabwino njinga ili chilili imatha kukungika ma shock akapanikizika, n'kuwononga masiproketi ndi bering'i ya mu giyabokosi. Masulani shock imodzi mupite nayo kositolo, muyeze kuchokera pakati pa bowo lam'mwamba kufika pakati pa bowo lam'munsi, ndipo mugule a utali womwewo ndi mabowo ofanana, koma a sipuling'i yolimbirapo. Za kabotolo ka gasi musatengeke nazo. Pa ma shock abwino kamathandiza kuti oyilo asachite thovu akatentha, koma pa ena otchipa kamangokhala kokongoletsa. Mabushi a swing arm musinthe tsiku lomwelo. Pomanga mabawuti a ma shock, njinga ikhale pansi pa magudumu ake kuti malabala asapotoke, kenako musiyire tcheni mpata wosewera wa mamilimita 20 mpaka 30 ndipo muyezenso katsikidwe kaja muli ndi madengu anu. Ikatsikabe mopitirira mamilimita 40, chepetsani katundu.