Marko 1:2 akuti Yesaya koma mawuwo ndi a Malaki, zikutheka bwanji?

Wakwaya: Abale ndithandizeni. Dzulo kumphakati timawerenga Marko 1, Baibulo langa lachichewa likuti zinalembedwa mwa Yesaya mneneri koma mnzanga wa Baibulo lachingerezi la King James pafoni pake Yesaya mulibe, akungoti aneneri basi. Tinasakasaka mawu oti ndituma mthenga wanga aja mu Yesaya osawapeza, kukawapeza ku Malaki 3:1. Ndiye walakwitsa ndani apa, Marko kapena omasulira?

Gogo wa Chigiriki: Omasulira asiyeni achemwali, nkhaniyi inayambira kwa okopera pamanja kalekale makina osindikizira kulibe. Mipukutu yakale ngati Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, ya m'ma 300, imati Yesaya. Ina monga Codex Alexandrinus ya m'ma 400 ndi yambiri yam'mbuyo mwake imati aneneri. Ndiye dzifunseni, munthu wapeza palembedwa aneneri angasinthe dala nkuikapo Yesaya kuti adzipalire mafunso? Ayi. Koma wapeza Yesaya uku akudziwa kuti awa ndi a Malaki, dzanja limayabwa kukonza ndithu. King James ya 1611 inatsata Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chochokera kwa katswiri wina dzina lake Erasmus, chomwe anasindikiza mu 1516 ali ndi mipukutu yochepa komanso yaposachedwa, nchifukwa chake mnzanuyo ali ndi aneneri.

Mlosi77: Mmm ndiye mukuti Marko sankadziwa malemba?? Ine izi zimandiwopsa ine

Gogo wa Chigiriki: Ankawadziwa mwinanso kutiposa achimwene. Werengani vesi 3, mawu a wofuula m'chipululu aja ndi Yesaya 40:3 weniweni. Ndipo chiyambi cha vesi 2 chikufanana kwambiri ndi Eksodo 23:20 m'Chigiriki, ndiye waluka zingwe zitatu pamodzi nkutchula dzina la mneneri wamkuluyo basi. Mateyu ndi Luka pofika pa Yohane Mbatizi anangotenga za Yesaya zokha, za mthenga zija anakaziika kwina, Mateyu 11:10 ndi Luka 7:27.

NaMaliro: Mumuuze mnzanuyo atsegulenso Mateyu 27:35 pogawana zovala za Yesu paja. Kwake kuli kachiganizo koti kuti zikwaniritsidwe zonenedwa ndi mneneri, ka Salimo 22:18, koma m'mipukutu yakale ija mulibe, kakuoneka kuti kanachokera ku Yohane 19:24. Munthu ukaloweza kwambiri dzanja limalemba lokha, ife kukwaya timasakaniza mavesi a nyimbo ziwiri osazindikira nkomwe kkkk

Wakwaya: Zikomo agogo. Lachitatu ndipita nawo onse awiri, ndikawaike pamphasa poteropo aliyense adzionere yekha.