Magalasi a VR akukana kuonetsa mafilimu, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale, mtima uli m'mwamba. Mlamu wanga ananditumizira magalasi a VR (ovala kumaso aja, oonetsa zithunzi ngati uli momwemo) kuchokera ku Johannesburg patapita miyezi itatu, ndalama nditapereka kalekale. Amake mwana mpaka lero sakundiyankhula bwino, ati inali ya lendi kuno ku Kabwata. Ndimalipira mwezi uliwonse kuti ndizionera mafilimu pa intaneti. Pa TV zikutheka, koma m'magalasimu app yake kulibe. Nditalumikiza ku laputopu mawu akumveka, chithunzi bii, mdima wokhawokha. Malaiti akabwera usiku ndimangochezera zomwezi. Kodi andigulira chabodza?

Wa ku Matero: NDI CHABODZA chimenecho! Ine ndinagula foni ku Kamwala, sabata isanathe inafa. Alamu samatumidwa, bwana!

Amake mapasa: Achimwene, lipirani lendi kaye. Mayiwo akulakwa chiyani?

Wokonza mafoni m'tauni: Magalasi ake ndi ati? Quest 2, Quest 3? Nanga mumalipira kuti? Simunatchule. Mdimawo si kuwonongeka ayi, ndi loko wa DRM. Eni mafilimu amaopa kukoperedwa, ndiye chithunzi chikamadutsa pa laputopu kupita kwina chimatsekedwa, mawu okha ndi amene amadutsa.

Wa ku Matero: Loko wanji? Ikani VPN basi, zonse zimatseguka.

Wokonza mafoni m'tauni: Akulu, VPN imangobisa dziko lomwe muli, DRM siigwira.

Mphunzitsi wa ku Chelstone: Za kusowa kwa app, vuto ndi chiwerengero. Okhala ndi magalasiwa ndi ochepa poyerekeza ndi a TV ndi mafoni, pomwe app imafuna anthu oilemba ndi kumaikonza. Magalasi a Apple Vision Pro atatuluka mu February 2024 pa mtengo wa $3,499, Disney+, yoonetsa mafilimu pa intaneti, inali ndi app, koma inzake Netflix inangoti anthu azionera pa Safari, browser ya Apple yotsegulira mawebusaiti.

Wa ku Matero: $3,499? Ndiye poloti imeneyo! Ana a masiku ano mwapenga. Ine ndanena, VPN.

Mnyamata wa ku Chilenje: Mkavala zimenezo malaiti n'kuthima, mudziwa bwanji? 😂

Wokonza mafoni m'tauni: Ngati ndi Quest, siyani laputopu. Tsegulani browser ya m'magalasi momwemo, mulowe pa webusaiti yawo. Netflix imatheka choncho mpaka 1080p (chithunzi chooneka bwino) kuyambira 2024.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mlamu wangayo tsopano sakuyankha foni, ndipo apongozi alowererapo. Magalasiwo ndi oyera, ali ndi lamba wakumutu.

Wokonza mafoni m'tauni: Bwana, dzina lake. Onani pa bokosi.