Matimati akuola kunsi, ndi matenda kapena chani?

Wadimba92:
Akuluakulu thandizeni. Matimati anga kudimba mitengo yake ili bwinobwino masamba obiriwira, koma chipatso chikangokula ngati dzira la nkhuku kunsi kwake kuja kunali duwa kumayamba ngati kwanyowa kenako kumada bii nkuuma ngati chikopa. Ndapopera mankhwala a chiwawu kawiri konse koma olo kusintha, dzulo ndathothola ndowa yodzadza kukataya mtima ukuwawa. Wina wandiuza kuti ndi kashiamu, nde kashiamu yemweyu wa m'mafupa akukhudzana bwanji ndi tomato?

MayiWaNdiwo:
Pepani achimwene. Siyani kupopera mukungotaya ndalama, amenewo si matenda opatsirana. Mumathirira bwanji? Ine zinandigwera mu Okutobala wina, ndinkathirira madzi ambiri lero kenako masiku atatu osapitako dothi mpaka kung'aluka, phava loyamba lonse linaola choncho. Nditaphimbira ndi udzu nkumathirira pang'onopang'ono tsiku lililonse zipatso zotsatira zinatuluka zosalala. Komanso ngati mwathira yuleya wambiri chepetsani, amangokometsa masamba.

Mlangizi_wopuma:
Mayi anena zoona. Kashiamu mu mbewu amakwera ndi madzi basi kuchokera ku mizu, ndipo madziwo amathamangira komwe akutuluka kwambiri, kumasamba. Chipatso chimakoka madzi ochepa, nde kukatentha dothi nkuuma masamba amalanda zonse ndipo kunsonga kwa chipatso, komwe kuli kutali kwambiri ndi phesi, sikufika kanthu. Choipa china kashiamu akangokhazikika mu tsamba sabwereranso kupita ku chipatso. Ntchito yake ndi kumata maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi la mbewu, kuti agwirane komanso kulimbitsa kachikopa ka selo iliyonse, ndiye pa masabata oyambirira chipatso chikukula mothamanga maselo atsopano akasowa kashiamu amachucha nkufa, kunyowa kuja mukuona ndi kumeneko. Kabichi akamapsa m'mphepete mwa masamba amkati nkhani yake ndi yomweyi.

Wadimba92:
Zikomo bambo, apa ndamva. Nde ndingogula laimu wambiri ndithire kuti kashiamu achuluke eti?

Mlangizi_wopuma:
Ayi mwana wanga musathamange. Laimu amathandiza ngati dothi lili ndi asidi wambiri, ndipo amathiridwa musanawokere chifukwa amatenga miyezi kuti agwire. Nthawi zambiri kashiamu m'dothi amakhala alimo, vuto ndi ulendo wake.

Komanso nkhani ya kashiamu si kuchuluka kokha, ndi malo amene ali, ndipo apa ndi pomwe ine pamandisangalatsa. Kunja kwa selo amafunika wambiri koma mkati mwenimweni mwa selo mbewu imamusunga wochepetsetsa, kuchepa mwina ka 10,000 poyerekeza ndi kunjako, wotsalayo imamupopera m'kathumba kosungira kamene kali mu selomo. Akalowa wambiri mwadzidzidzi nkukhalitsa, selo imamva ngati belu loti ife. Ndipo mbewu imachita dala zimenezi, tizilombo ta matenda tikalowa pa tsamba maselo ozungulira pamenepo amatsegula zipata kashiamu nkukhamukira mkati, amafa okha kuti matenda asapitirire, nchifukwa chake tsamba la mbewu yopirira mumaona timadontho touma koma mbewu yonse ili moyo. Mu 2021 asayansi a ku China anaonetsa pa kachomera kotchedwa Arabidopsis kuti puloteni ya ZAR1 ikazindikira mdani imaboola kachikopa ka selo nkukhala khomo lolowera kashiamu. Chimanga nachonso madzi akasefukira m'munda chimapha maselo ena mu mizu kuti papezeke njira ya mpweya, kashiamu ali momwemo. Ena anasintha tomato kuti azilowetsa kashiamu wambiri m'kathumba kaja, chipatso chinali ndi kashiamu wochuluka koma chinaola kunsi kuposa kale chifukwa kunja kwa selo komwe amafunika kunatsala kopanda.

MayiWaNdiwo:
Koma nde taphunzira. Achimwene zomwe zada kale thotholani sizingachire, zikungodyera zinzake. Thirirani m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo popalira khasu lisamafike pafupi ndi tsinde mumadula mizu yomwe ikumwa madziwo. Pobereketsa ine ndinasiya yuleya ndimathira CAN. Mudzatiuze phava lachitatu likatuluka.